Chenjezo kwa anyamata otsitsa magalimoto muno mu Mzuzu

Ana anga, wakutsina khutu ndi mnansi. Magalimoto amene mukuwatsitsa mpaka mimba kukhudza pansiwa akulira kunsi, ndipo inu m'malo momvetsera mukungokweza wailesi. Zimenezi zitheretu.

Ambiri a inu simugula n'komwe masipuling'i opangidwira ntchito imeneyi. Mumangodula akale ndi galayinda, ena kuwaotcha ndi moto wa gasi kuti afupike. Chitsulo chootchedwa chimafooka, tsiku lina chimangothyoka. Sipuling'i yodula nayo sikhazikika pamalo pake: tayala likagwera m'dzenje imamasuka, pobwerera n'kumveka kuti gu! Shoko, chitsulo chochepetsa kudumphadumpha kwa galimoto, inapangidwira galimoto yokwera, ndiye mukaitsitsa imatsala ndi mpata wochepa woyendamo, imagunda pa hampu iliyonse mpaka kuyamba kuchucha mafuta. Misewu ya ku Japan kumene magalimotowa amachokera ndi yosalala. Kuno mvula imatigwera mpaka mu Epulo, ndipo njira za ku Mchengautuwa, Zolozolo ndi Masasa mukuzidziwa nokha mmene zimakhalira.

Phokoso lililonse lili ndi kochokera. Zimitsani nyimbo, tsitsani magalasi, muyende pang'onopang'ono pamsewu wa mabampu. Kugogoda kwa gudugudu pa timabampu ting'onoting'ono, kawirikawiri ndi malinki a stabiliser, chitsulo chochepetsa kupendekeka kwa galimoto pokhota, kapena mabushi ake, timalabala tokhala polumikizira zitsulo. Kugunda kumodzi kwamphamvu pokwera hampu, ganizirani shoko kapena sipuling'i ija. Mukamva tatatata pokhota chiwongolero chitafika kumapeto, ndi CV joint, cholumikizira cha kumapeto kwa shafiti yozunguza tayala, pakuti kutsitsa kumapendeketsa shafiti n'kuitopetsa msanga. Phokoso la fwee pokhota kapena mutanyamula anthu kumbuyo ndi tayala likudya bodi, ndipo mukasuzumira mupeza pamene penti yachoka pakuwala.

Kulira kwa kwiikwii kumandipweteka mtima kwambiri, chifukwa nthawi zambiri ndi ulesi wa womanga. Mabawuti a mabushi amafunika kumangidwa komaliza galimoto itaima pa matayala ake. Mukawamanga ili m'malere, labala imakhala yopotoka usana ndi usiku mpaka kung'ambika. Inu amakaniko a ku Luwinga ndi Chibavi, mwana akabwera ndi ndalama kuti mumudulire masipuling'i, muuzeni zoona. Mwina ndi mlongo wanu amene adzakwere galimoto imeneyo mawa.

Tsopano choopsa chenicheni. Kwezani galimoto, gwirani tayala pamwamba ndi pansi, muligwedeze. Likamasewera, ndi ball joint, cholumikizira cha mutu wonga mpira chimene chimagwira tayala, kapena bering'i. Ligwireninso uku ndi uku, likasewera yang'anani tie rod end, mutu wa chitsulo cholumikiza tayala ku chiwongolero. Koma chonde, musalowe kunsi galimoto ili pa jeke yokha, kapena pa njerwa zosanjikiza monga ndimaonera m'makomomu. Ikani masitandi, matayala otsala pansi muwatsekere ndi miyala. Jeke imaterereka, makamaka padothi lonyowa.

Ball joint ikathyoka, tayala limapindikira m'kati ndipo chiwongolero chimakhala chopanda ntchito. Zikakuchitikirani pa Katoto mukuyenda pang'ono, mungochita manyazi. Nanga zikachitika pa makona otsikira ku Nkhata Bay, kapena pa Chiweta, mutadzaza anzanu opita kunyanja? M'mbali mwa misewu imeneyi mumayenda ana asukulu ndi amayi osenza nthochi, amene sanavomereko kuti galimoto yanu ioneke bwino pa Facebook.

Ngati mwatsimikiza kutsitsa, sungani ndalama mugule masipuling'i ndi mashoko oyenderana, mutsitse pang'ono, kenako mukapange alignment, kuwongola kaimidwe ka matayala, apo ayi matayala adzatha m'kati kunja akuoneka atsopano. Ngati ndalamazo palibe, bwezeranimo masipuling'i athunthu. Ndipo amene wagwedeza tayala lero n'kupeza likusewera, galimotoyo isanyamule munthu, ngakhale kupita pa depoti pomwepa, kufikira chitsulocho chitasinthidwa.