Dzina la Clark Gable palokha si umboni

A mtolankhani, mwalemba kuti mfuti ya chifefe ikangotchulidwa kuti inali ya Clark Gable kapena Gary Cooper, akatswiri akale a mafilimu a ku America, mtengo umakwera. Umakweradi, koma pokhapokha pali mapepala. Chithunzi cha katswiriyo atanyamula mfuti sichikwanira, chifukwa nambala ya mfutiyo siioneka. Pamafunika lisiti kapena kalata ya banja lake yotchula nambala ya mfutiyo, ndipo nambalayo ifanane pa mipaipi, pa thunthu lachitsulo ndi pa kachitsulo ka chogwirira chakutsogolo. Ngati inapangidwa ndi kampani ya Purdey, kampaniyo ku London imasunga mabuku osonyeza amene anaitanitsa mfuti iliyonse.

China chimene mwasiya ndi choopsa. Mfuti zambiri zakale za ku Britain malo ake olowetsa chipolopolo ndi mamilimita 65, pamene zipolopolo zofala lero ndi za 70. Mukaika chachitali mphamvu imachuluka mkatimo. Mipaipi ya Damascus, yopangidwa popota zitsulo, dzimbiri limabisala m'mizere yake ndipo onga wamakono ungaiphulitse. Ayambe waipima mmisiri wa mfuti.

Anzanga ogula, mfuti yakale musaipalepale kapena kuipaka mtundu watsopano. Mtundu wakale wofwifwawo ndi umene osonkhanitsa mfuti zakale amalipira.