Geography wa Fomu 3 ndi 4 atuluke m'kalasi

Ana akamalowa Fomu 3 n'kuyamba kusankha zoti adzalembe pa MSCE, ndimamva ambiri akudandaula kuti Geography ndi manotsi okhaokha, ndiponso kuti map reading imazunguza mutu. Ena amangotengera mnzawo. Ine ndikuona kuti ili ndi limodzi mwa maphunziro amene Mmalawi wa lero akuwafunitsitsa, kungoti kaphunzitsidwe kake ndi kamene kakulipha.

Ife tinaloweza za tirigu wa ku Canada, ng'ombe za mkaka za ku Denmark ndi koko wa ku Ghana. Zimenezo si zoipa, mwana ayenera kudziwa kuti dziko silithera pa Mwanza kapena pa Songwe. Koma mwana yemweyo, woti angakulakatulireni za Denmark osapumira, mumufunse chifukwa chake ku Nsanje madzi amatha kusefukira ngakhale kumeneko mvula sinagwe yochuluka. Angokuyang'anani. Chonsecho yankho lili m'kope lake lomwelo, lamwazikana m'mitu yosiyanasiyana imene palibe anamulumikizira. Mphepo yonyowa yochokera kunyanja ya mchere ikagunda mapiri a Mulanje ndi zitunda za Thyolo imakwera, imazizira, n'kukhuthula mvula. Madziwo amatsika ndi mtsinje wa Ruo mpaka pa Chiromo pomwe amakumana ndi Shire. Ruo akabwera wolusa amatsekereza Shire, madzi n'kubwerera m'mbuyo kudzaza dambo la Elephant Marsh ndi midzi yozungulira. Mu Januwale 2015 anthu a ku Makhanga ankafikiridwa pa boti kapena pa helikopita basi. Mwana wa ku Chigwa cha Shire akamvetsa zimenezi, akamva pa wailesi kuti ku Mulanje yagwa masiku atatu osakata, adziwa kuti ndi nthawi yokweza mbuzi ndi chimanga kumtunda.

Ndiye tibwere ku map reading imene ana amaiopayo. Mizere ya contour, ija yolumikiza malo okwera mofanana, ikathithikana pa mapu, ndiye kuti malowo ndi otsetsereka kwambiri. Ikapindika ngati V woloza kumtunda, pamenepo ndi khwawa, njira ya madzi, ngakhale lero pakhale pouma gwa. Mfundo ziwiri zokhazi ndi zamoyo ndi imfa. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinatsika usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu kunali maliro osaneneka. Napolo sanayambe ndi Freddy. Anachitika ku Zomba mu 1946, anachitikanso ku Phalombe mu 1991 pomwe phiri la Michesi linagumuka. Akuluakulu amafotokoza napolo m'njira yawo, buku limafotokoza kuti dothi la pamalo otsetsereka likakhuta madzi, makamaka pomwe mitengo inatha, limaleka kugwira thanthwe. Onsewo amagwirizana pa chimodzi, kuti pomwe anadutsa kale amadutsaponso.

Pano ndisamveke ngati ndikunyoza amene anamanga m'mbali mwa phiri. Munthu sakhala pansi pa mwala chifukwa chokonda, malo abwino mu Blantyre ndi a anthu a ndalama. Amene ndikuwaganizira ndi ana a Fomu 4 a lerowa, poti mawa ndi iwo adzakhale makhansala, mafumu ogawa malo, ogwira ntchito kukhonsolo ndi amisiri oyeza mapuloti. Wosainira kuti pamangidwe nyumba azitha kuwerenga mapu.

Ngakhale nkhani ya magetsi imene timatukwanira tsiku ndi tsiku pa Facebook ndi Geography yemweyo. Shire ndi mtsinje wokhawo wotulutsa madzi m'Nyanja ya Malawi, ndipo Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse adalira iye. Namondwe wa Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinataya mamegawati pafupifupi 130, mdima n'kutipeza mpaka ku Karonga. Makala amene akuotchedwa ku Neno ndi ku Balaka amasiya nthaka pamtunda, mvula n'kuikokolera mu Shire, matope n'kukatsamwitsa makina.

Aphunzitsi ena andiyankha kuti kutuluka ndi ana kumafuna basi ndi ndalama, ndipo kusukulu za CDSS ngakhale mapu enieni a 1:50,000 ndi osowa, ana khumi kuunjikana pa pepala limodzi lofotokopa losaoneka bwino. Zoona, ndipo ndimawamvera chisoni. Koma zambiri sizifuna basi. Kuseri kwa sukulu zambiri kuli chigwembe chimene chikukula chaka ndi chaka. Ana achiyeze ndi chingwe mvula isanayambe, adzachiyezenso ikatha. Botolo lodula pakamwa ndi rula zikwanira kuyeza mvula m'mawa uliwonse, mwezi ukatha ajambule okha galafu ya kwawo m'malo mokopera ya mzinda umene sadzaupondako. Mlangizi wa zaulimi amene amathandiza alimi kuika akalozera m'munda wotsetsereka akhoza kuwaonetsa contour ndi maso m'mawa umodzi, chinthu chimene pa bolodi chimatenga temu yonse. Ana a ku Zomba, Machinga ndi Phalombe ali ndi Nyanja ya Chilwa pakhomo, nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, imene inauma mu 1995 n'kudzaphwanso kwambiri mu 2018. Akafunse asodzi a pa Kachulu kuti matemba anapita kuti ndipo mabanja anadya chiyani. Foni imodzi ya aphunzitsi yokhala ndi Google Earth ikhoza kuwaonetsa denga la sukulu yawo ndi phiri lomwe lameteka kumbuyo kwake.

Chovuta n'chakuti mphunzitsi amaphunzitsa zimene zimabwera pa mayeso, ndipo sindingamudzudzule poti naye amayezedwa ndi mapointi a ana. Choncho pempho langa likupita ku MANEB ndi kwa okonza silabasi ku Domasi. Ikani malikisi ooneka pa ntchito imene mwana wachita yekha kudera kwawo: mapu a mudzi kapena tauni yake, osonyeza komwe madzi amadzera, komwe kunasefukirapo, ndi malo okwera omwe anthu angathawireko.