Mwana wa kuchigwa nayenso aloledwe kufunsa za kumwamba

Loweruka lapitali ndinachoka pa msonkhano wa gulu lathu la anthu a kuno kuchigwa mtima ukuwawa, ndipo mpaka lero sunaphwe. Tinasonkhana pansi pa nimu ku Nchalo, dzuwa likuswa mtengo, ndipo itakwana nthawi ya nkhani zina ndinaimirira n'kupempha kuti tithandize mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa fizikisi kusekondale. Kwawo ndi kutsidya kwa Shire, ku East Bank. Anamaliza digiri yake chaka chatha, ndipo wasankhidwa kukakhala nawo pa maphunziro a masabata awiri kunja kwa dziko lino, kumene akatswiri amakambirana za quantum gravity, ndiko kufufuza mmene mphamvu yokokera zinthu pansi ingagwirizanirane ndi malamulo a tinthu ting'onoting'ono kwambiri. Za ndege ndi malo ogona alipira eni maphunzirowo. Chotsala ndi ndalama ya viza ndi yoyendera kukafika ku bwalo la ndege basi. Bambo wina wolemekezeka, amene dzina lake sinditchula, anavula magalasi n'kundifunsa kuti: “Aphunzitsi, ife tikumira ndi madzi chaka ndi chaka, anthu akudya nyika m'madambo, ndiye mwanayo akufuna akaphunzire za maenje a m'mlengalenga? Pobwerako atibweretsera matumba angati a chimanga?” Anthu anaseka, ena mpaka kuwomba m'manja, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Bambo inu, ngati mukuwerenga, mvetsani: njala si chifukwa choletsera mwana kufunsa funso lalikulu. Madzi osefukira ndikuwadziwa, simungandiuze. A mu Januwale 2015 ndinawaona, namondwe Ana wa 2022 ndinamuona, ndipo Freddy atafika mu Malichi 2023 makalasi athu anasanduka msasa, ana akugona pansi pa bolodi imene ndimalembapo masamu. Mtsikana amene munamusekayo anawoloka pa bwato mabuku ali m'jumbo pamutu. Iye mavutowo akuwadziwa kuposa inu amene mumadzawaona pa galimoto. Ndani analamula kuti wobadwira ku Makhanga kapena ku Bangula aziganiza za mimba yokha mpaka kumanda? Ndani anagawa kuti mafunso a chilengedwe akhale a ana a ku Cambridge, ife tizingodikira ndowa ndi mapulasitiki a chithandizo?

Popeza munaseka chinthu chimene simunafunse n'komwe kuti n'chiyani, ndikuuzani. Mu 1915 Albert Einstein anasonyeza kuti mphamvu imene imagwetsa mango mumtengo imabwera chifukwa chakuti chinthu cholemera chimapinda malo ndi nthawi zimene zachizungulira, moti wotchi imene ili pansi imayenda mochedwerapo kuposa imene ili m'mwamba kwambiri. Patapita zaka khumi, Werner Heisenberg ndi Erwin Schrödinger anayala malamulo a quantum, onena za tinthu ting'onoting'ono kwambiri monga ma atomu ndi kuwala. Mfundo ziwirizi zayesedwa kambirimbiri ndipo iliyonse payokha sinagwe. Koma mukaziika pamodzi, monga pakati penipeni pa black hole (dzenje la m'mlengalenga lija, limene limakoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikuthawamo) kapena pachiyambi penipeni pa chilengedwe, masamu ake amakana kugwirizana. Mu 1974 Stephen Hawking anapeza kuti black hole imatulutsa kutentha pang'onopang'ono mpaka ikhoza kutha, ndipo panabuka funso limene likusowetsabe tulo akatswiri: kodi uthenga wa zonse zimene zinagweramo umapita kuti, pamene malamulo a quantum amati uthenga sutayika? Ndiye pali ena amene amafufuza mmene uthenga wa quantum umakhalira zinthu zikamathamanga kwambiri kapena zikakhala m'mphamvu yokoka, ndipo mu 2017 setilaiti ya ku China yotchedwa Micius inatumiza tizidutswa ta kuwala tolumikizana ku malo awiri otalikirana makilomita pafupifupi 1,200. Pa misonkhano imeneyi ndi pamene anthu amakanganirana zimenezi, atazungulira bolodi, choko chili m'manja.

Choko, bambo, choko chomwechi chimene chimandiyeretsa malaya tsiku lililonse. Wofufuza mbali imeneyi ya fizikisi kwenikweni amafuna pepala, cholembera, mutu wabwino ndi anzake okangana nawo. Mutuwo mtsikanayu ali nawo, ndipo ine ndinauona ali Fomu 3 pamene anandifunsa funso la kuwala limene ndinakaligonera usiku wonse ndisanamuyankhe. Chimene alibe ndi anzake okangana nawowo, ndipo n'chimene msonkhano wakunjawo ukanamupatsa. Tsono ife tinamumana, n'kumusekanso.

Ndikanatha kukuuzani kuti foni imene munkasewera nayo pamene ndinkalankhula imagwira ntchito chifukwa cha malamulo a quantum, komanso kuti mawotchi a m'masetilaiti a GPS amatsogola ndi mamaikulosekondi pafupifupi 38 patsiku (maikulosekondi ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi), moti popanda masamu a Einstein mapu a m'foni mwanumo akanamasokera ndi makilomita pafupifupi 10 tsiku lililonse. Koma sindikufuna kupempherera mwanayu ndi phindu ngati kuti ndikutsatsa mbuzi pamsika wa Ngabu. Einstein sanafunsidwe matumba a chimanga. Ngakhale quantum gravity itapanda kubweretsa lichero limodzi la mapira mpaka kalekale, mwana wa kuchigwa ali ndi ufulu woifunsa. Ufulu umenewo sudikira kuti Ruo asiye kusefukira. Sudikira kuti thonje likwere mtengo. Tikati ayambe wadikira kuti mavuto athe, ndiye kuti tamuuza kuti asadzafunse mpaka kufa, chifukwa mavuto a kuno inu ndi ine tinawapeza ndipo tidzawasiya.

Abdus Salam anakulira ku Jhang, tauni ya ku Punjab imene sinali ya anthu olemera, ndipo mu 1979 analandira mphoto ya Nobel ya fizikisi. Iyeyo ndiye anayambitsa ICTP, malo ofufuzirako za fizikisi, ku Trieste, m'dziko la Italy, mu 1964, n'cholinga chakuti asayansi a m'maiko osauka asamafote paokha kwawo. Mu 2003 Neil Turok anatsegula sukulu ya AIMS ku Muizenberg, pafupi ndi Cape Town, kuti ana a mu Africa aphunzire masamu ozama. Ndiponso pamene mfundo ya Einstein inkayesedwa pa kadamsana wa pa 29 Meyi 1919, katswiri wa zakuthambo Arthur Eddington anakaika zipangizo zake pa chilumba cha Príncipe, kuno ku Africa konkuno. Anthu akutali atsegula khomo, ife eni mwana ndi amene tikumukoka mwendo. Mwina n'chifukwa cha umphawi, mwina n'chifukwa cha mmene tinaphunzirira. Zimenezo sizikundikhudza lero. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, koma ife manjawo tinawagwiritsa ntchito yowombera nthabwala.

Chimene chikundipsetsanso mtima n'chakuti ena mwa amene anaseka aja ndi anthu osaphonya misonkhano ya m'mahotela a kunyanja. Amakakhala masiku atatu akukambirana za madzi osefukira a kuno, akudya chambo, n'kusainira alawansi, ndipo pobwera amatibweretsera tisheti ndi kachikwama kolembedwa mawu. Palibe amene anawaimitsapo pa Thabwa n'kuwafunsa kuti anyamula matumba angati a chimanga. Mwezi wathawu bambo omwe aja anapitako kawiri.