Nanga 18 ya pa bokosi ija amaiona ndani kuno?

A mlembi a nkhani ya magemu, mwanena zoona kuti magemu ogwedeza manja ngati a pa makina a Nintendo otchedwa Wii ndi osiyana ndi ongodina batani, koma zakwathu kuno mwazisiya. Gemu yophana yotchedwa Manhunt 2 mu 2007 isanatuluke n'komwe a BBFC, bungwe lounika mafilimu ku Britain, anaikana, ku America a ESRB, bungwe loika zaka pa magemu, anaipatsa chizindikiro cha AO cha akuluakulu okhaokha mpaka a Rockstar, eni gemuyo, anachita kuphimba zithunzi zakupha zija kuti itsike pa M ya a zaka 17 kupita m'mwamba, manyuzipepala phokoso lokhalokha poti pa Wii umagwedeza dzanja ngati ukubayadi munthu. Komatu kumeneko gemu imakhala ndi chizindikiro cha zaka, kholo limaona. Kuno ku Salima pa Kamuzu Road timashopu ta PlayStation timadzaza ana a pulayimale yunifomu ili m'thupi, akusewera gemu ya zachiwawa ya GTA yochita kukopera pa flash, bokosi lolemba 18 kulibe, mwini shopu angolandira ndalama maso ali pa foni. Sindikuti gemu imasandutsa mwana chigawenga ayi, koma wa sitandade 4 zimenezi zamukulira ndipo zimandiwawa. Makolo anzanga tizilowamo m'timashopu timeneti tizionere tokha, akhonsolo nawonso alankhule ndi eni ake.