Utoto wamadzi si wa ana a sukulu okha ayi

Loweruka lapitali ndinali pamsika wina wa zosema ndi zojambula kuno ku Lusaka. Mnyamata wina anayala zithunzi ziwiri za mitengo ya jakaranda, zojambula papepala ndi utoto wamadzi, uja amati watercolor. Bambo wina anaziyang'ana nkunena kuti, "Izi n'za ana a giredi 4. Za pansalu mulibe?" Mnyamatayo anangoseka nkuzibweza m'chikwama. Ine zinandiwawa mpaka kunyumba.

Abale, amene anagwirako burashi akudziwa. Utoto wamafuta ukalakwitsa umapaka wina pamwamba, nkhani yatha. Wamadzi alibe chifundo chotere. Kuyera kumene ukuona pachithunzi ndi pepala lenilenilo limene wojambula analisiya dala, ndiye ayenera kudziwiratu pamene pakhale kuwala asanayambe n'komwe. Akasuntha dzanja molakwika, paja amati madzi akatayika saoleka.

Mu 1502 Albrecht Dürer wa ku Germany anajambula kalulu, inde kalulu yemweyu wa m'nthano zathu, ndi utoto wamtunduwu. Ubweya ukuoneka umodziumodzi. Chithunzicho chikusungidwa ku Albertina, nyumba yoonetseramo zojambula mumzinda wa Vienna, ndipo sindinamvepo wina akuti n'cha ana. Koma kunyozaku sikunayambe ndi bambo aja. Kwa zaka zambiri azungu eniake ankaona utotowu ngati wongoyeserera, wokometsera mapu ndi zithunzi za zomera. Ojambula a ku London atatopa ndi kuikidwa kumbuyo pa zionetsero anayambitsa bungwe lawolawo mu 1804, Society of Painters in Water Colours. Nthawi yomweyo J.M.W. Turner anali akujambula nkhungu, nyanja ndi dzuwa mwanjira yoti onyoza anasowa chonena.

Chimene chinaufalitsa n'chakuti ndi wopepuka kunyamula. Cha m'ma 1780 William Reeves anayamba kugulitsa utoto wouma ngati tizidutswa ta sopo, tongofuna kunyowetsa. Kabokosi m'thumba, madzi a pamtsinje, basi. Ndi mmene anayendera wojambula Thomas Baines, yemwe anali pa ulendo wa Livingstone wa mumtsinje wa Zambezi mu 1858, nadzafika pa Mosi-oa-Tunya mu 1862. Ambiri a ku Ulaya anayamba kuona mathithi athu kudzera m'maso mwa munthu ameneyu. Izi zimandikhala pamtima: dziko lathu linajambulidwa ndi alendo, ife lero tikuti chida chomwecho n'chachibwana.

Ndipo chomata utotowo papepala mukuchidziwa? Ndi utomoni wotchedwa gum arabic, wochokera ku mitengo ya mtundu wa mthethe, ndipo wambiri umachokera ku Sudan. Umapita kunja m'matumba, nkubwerera kuno uli m'kabokosi kokwera mtengo. Kusakaniza dothi lamitundu ndi madzi nakonso si kwachilendo kwa ife. Pitani pa miyala ya Mwela ku Kasama kapena ku Chongoni ku Dedza mukaone zofiira ndi zoyera za makolo.

Sindikukana, zovuta zilipo. Chithunzi chotere chikakhala padzuwa chimafwifwa, chimafuna galasi, ndipo pepala lake lochindikala silipezeka chisawawa m'tauni muno. Ukagwiritsa la m'kope limakwinyika ngati tsamba la fodya. Wogula amaonanso ngati nsalu yaikulu ndiyo ikulingana ndi ndalama zake.

Komabe fumbi la Okutobala pa Soweto Market, kapena mitambo yakuda ija imabwera mvula yoyamba isanagwe, ine ndimaona kuti palibe utoto ungazigwire bwino kuposa wamadzi. Ndikufuna tsiku lina ndidzalowe mu Henry Tayali Art Centre ku Showgrounds ndidzapeze khoma lonse lili zithunzi zotere zokhazokha.

Mnyamata uja ndinabwerera kukamufuna Lamulungu. Chimodzi cha zithunzi zija chili pabalaza panga tsopano, kutali ndi zenera.