Kontena ya ma server pa dzuwa la ku Kasungu?

Nkhani yanuyi yoti data center (malo osungiramo makompyuta akuluakulu osunga uthenga) masiku ano akumaipangiratu kufakitale zigawozigawo n'kungobwera nayo pa thiraki ngati kontena, mkati muli kale makompyutawo, omwe amati ma server, zoziziritsira ndi mabatire, yandisangalatsa ndithu. Ndi mmene timamangira kuno ku Kasungu, umayamba zipinda ziwiri, fodya akayenda bwino chaka chamawa n'kuwonjezera china, sudikira ndalama ya nyumba yonse ayi.

Koma achimwene mwalembanu za kutentha mwangodutsapo. Makina amenewa amatentha osati masewera, ndiye taganizani chitsulo chili pa dzuwa la Okutobala, fumbi lili koboo, magetsi athima, jenereta ikufuna dizilo yemwe timachita kugonera pamzere uja, zoziziritsira zikangoima pang'ono basi ma server amazima okha. Ine kashopu kanga ka mukontena pa boma pano masana sindikhalamo, ka laputopu kamachita kulira ngati chigayo.

Data center ya boma ija anatsegula ku Blantyre mu 2022 mothandizana ndi kampani ya Huawei bola, mainjiniya ali pafupi. Kunoko ayambe kaye atchera sola ndi mabatire okwanira, kontenayo ibwere pambuyo.