Eni mapikapu a dizilo, mukudikira maliro angati?

Loweruka lapitali ndimachokera ku Bvumbwe kokaona mlongo wanga, ndili m'minibasi yobwerera kwathu ku Mulanje. Titadutsa pa Thyolo boma, pamtsetse wina wa m'minda ya tiyi tisanafike ku Luchenza, tinapeza anthu ataunjikana. Pikapu yoyera ili m'kati mwa tiyi, mphuno pansi, ngolo imene imakoka itagona chammbali. Matumba a simenti ali mbwee mumsewu, ena ataphulika. Mayi wina anali atakhala m'mphepete mwa ngalande, nkhope yonse ili mbuu ndi simenti, atagwirizira mkono umene unapindika pamalo posayenera kupindika. Sankalira n'komwe, ankangofunsa kuti mwana wake ali kuti. Mwanayo anapulumuka, ndi Mulungu yekha.

Nditayandikira galimotoyo ndinamva fungo limene dalaivala aliyense wakale amalidziwa, fungo la mabuleki opsa. Ndinasuzumira pawindo: giya ili pa fili. Ndinawerenga matumba, 32. Pangolo panali injini ya chigayo, ndipo anthu amene anakwera pamwamba pa simentiyo anali asanu ndi awiri. Woyendetsa, mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wanga, akunjenjemera, anandiuza kuti, "Agogo, mabuleki angokana mwadzidzidzi."

Mwadzidzidzi? Mwana wanga, thumba limodzi ndi makilogalamu 50, matumba 32 ndi makilogalamu 1,600. Galimotoyo anaipangira katundu wa pafupifupi tani imodzi, ndipo m'tani imodziyo muli iweyo ndi aliyense amene wakwera. Waonjezapo ngolo yopanda mabuleki akeake, yowotcherera pansi pa mtengo wa mango, pamene ngolo yotere siyenera kupitirira makilogalamu 750. Zonsezo wazitsitsa pamtsetse wa ku Thyolo utachotsa giya kuti upulumutse dizilo wosadzaza n'kapu yomwe. Ndiye mabulekiwo umati achite chiyani?

Ndinagwira chiwongolero zaka zoposa makumi atatu, ndinanyamula tiyi, nkhuni ndi feteleza m'misewu yomweyi, ndipo zimene ndikuona masiku ano zikundiwawa mumtima. Kodi anakuuzani ndani kuti potsika amachotsa giya? Giya imene wakwerera chitunda ndi yomweyo utsikire nayo, injini izigwira galimoto, buleki izingothandizira. Ena afika pozimitsa injini kumene pamtsetse! Simudziwa kuti mphamvu yothandizira buleki ndi chiwongolero imachokera ku injini yomweyo? Mukaponda kawiri katatu, buleki ija yasanduka mwala. Kumsewu wa ku Thekerani ndi Masambanjati kuja, kumene nthochi zimadzaza mpaka kubisa denga la galimoto, kumunsi kuli chigwembe, mukuyembekezera kuti akugwireni ndani?

Vuto lanu n'lakuti munamva kuti injini ya dizilo siifa. Mwagula Hilux, Isuzu, Ford Ranger kapena Nissan, basi mwayesa mwagula bulu wachitsulo wosadya, wosamwa, wosadwala. Inde n'zolimba, ndikuvomera, ndipo ndikudziwa zina zimene zadutsa makilomita 400,000 injini isanatsekulidwepo. Koma pitani mukaone mmene eni ake amazisamalira. Inuyo oyilo munasintha liti? Mukasolola chitsulo choyezera chija pamatuluka phala lakuda lonanda ngati phula la mumsewu, inu n'kumati "ingothiraponi lita imodzi, tiona mwezi wamawa." Ndi fumbi lathu lino, ndi katundu amene mumasenzetsa, makilomita 5,000 akakwana oyilo ndi sefa yake ziyenera kuchoka. Sefa ya mpweya mumangoimenyetsa patayala n'kuibwezera, ina yobooka, fumbi la ku Nkando likulowa m'injini ngati mchenga m'diso. Kenako muzidabwa kuti ikufuka utsi ndipo pachitunda ikukwera ngati nkhalamba.

Nanga za dizilo wa m'zigubu ndinene chiyani? Ndikudziwa mavuto a mafuta amene takumana nawo, nanenso ndagonapo pamzere. Koma dizilo wogula kuseri kwa golosale ku Limbuli kapena kufupi ndi chipata cha Muloza, m'chigubu chimene dzulo munali mafuta ophikira, dzana madzi a pachitsime, wina wosakaniza ndi palafini, mukumuthira m'galimoto ya mamiliyoni osamusefa ndi kansalu komwe? Injini zakale zija zinkapirira zambiri. Zatsopanozi, za common rail, monga D-4D ya Toyota, zimapopa mafuta mwamphamvu yoopsa kudutsa m'timabowo tating'ono ngati tsitsi. Pampu ndi mainjekita, tizipangizo tothira dizilo m'kati mwa injini, zimadalira dizilo yemweyo kuti ziziterera. Palafini alibe kuterera kumeneko, madzi amabweretsa dzimbiri. Pansi pa sefa ya mafuta pali kachikho kosonkhanitsa madzi, ndipo kakadzaza nyali imayaka padashibodi. Ndinaona ndi maso angawa pa Chitakale mnyamata atamata tepi yakuda panyali imeneyo, ati imamuthobwa m'maso usiku. Tepi! Kumasula kabawuti n'kukhetsa madziwo ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mainjekita anayi mukafunse mtengo wake ku Limbe, mubwerako mutagwira pamutu.

Ndiye pali amakaniko ena a m'mbali mwa msewu, ana anga omwe, amene galimoto ikangotentha mankhwala awo ndi amodzi: kuchotsa thermostat, kachipangizo koongolera kutentha kwa injini, n'kutaya kutchire. Ati kuno n'kotentha, siifunika. Anaiikamo aja anali openga? Redieta yatsekeka ndi matope chifukwa mumathiramo madzi a mu Ruo ndi mu Thuchila m'malo mwa coolant, madzi a mankhwala oziziritsira injini, lamba wa fani walefuka, paipi ikudontha mwaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga, koma wolakwa akhale thermostat. Muvi wa kutentha ukukwera, dalaivala akuuona, akuti tikaimira pamwamba. Pamwambapo akufika gasiketi itapsa, mutu wa injini utapindika. Ndipo wothandizira wake, kamnyamata kosalakwa, ndi kamene amakatuma kukatsekula chivindikiro cha redieta madzi akubwata. Ndi angati amene akuyenda ndi zipsera kumaso ndi m'manja chifukwa cha zimenezi? Simungadikire kuti izizire?

Mukakwera chitunda ndi katundu, tebo, ija imakankhira mpweya wambiri m'injini, imakhala itafiira ndi moto. Inu mwangofika, kiyi thii, mwatsika kukamwa tiyi. Kuisiya injini ikulira mphindi ziwiri kuti oyilo aziziritse teboyo kukuvutani chiyani? Pa Hilux zija za D-4D nyali ya T-BELT imayaka pa makilomita 150,000 kukuuzani kuti lamba wa timing, amene amagwirizanitsa kayendedwe ka ziwalo za m'kati mwa injini, watha nthawi yake. Inu mumalipira munthu kuti azimitse nyaliyo, lamba ali yemwe uja. Tsiku limene adzaduke mudzakhala muli pakati pa Chonde ndi Mulanje boma usiku, ndipo simudzagulanso lamba yekha.

Pa nkhani yokoka galimoto inzake yakufa ndiye musandiyambe. Chingwe cha nayiloni chomangira mbuzi, chomangidwa kubampa kapena kuchitsulo cha chiwongolero, popanda ngakhale kansalu kofiira, akabaza akudutsa pakati, liwiro ngati akuthawa apolisi. Wa kumbuyoyo injini yake siikulira, ndiye kuti buleki yake ndi yolimba, chiwongolero n'cholemera. Wa kutsogolo akaima mwadzidzidzi pa Luchenza tsiku la msika, mukuganiza kuti wa kumbuyo aima ndi chiyani? Chitsulo chokokera chilipo, amawotcherera konsekonse. Kilatchi imene mukuinunkhitsa ponyamuka pachitunda ndi ngolo yodzaza njerwa, masipulingi amene agona mpaka kuwerama chagada, matayala osalala ngati chipande amene simunawapope molingana ndi katundu, zonsezo mukuziona m'mawa uliwonse ndipo mukulizabe galimoto.

Ndisawaunjikire madalaivala okha. Inu abwana, eni galimoto, amene mumakhala pakhonde madzulo kudikira ndalama ya tsiku, ndinu amene mumayeza dizilo ndi kamtengo n'kumuuza mnyamata kuti akabwere ndi chenji. Akakuuzani za sevisi mumati akufuna kukuberani. Akakana katundu mumati madalaivala ndi ambiri pa depoti. Pepala la COF, lotsimikiza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, lili bwinobwino pagalasi, koma inu nomwe simungalole mkazi wanu kukwera galimotoyo kupita ku Limbe. Chichokereni namondwe wa Freddy mu 2023 misewu yathu yambiri ya m'midzi sinabwerere mwakale, mukudziwa, koma katundu ndiye mukuonjeza.

Nanunso amayi ndi abambo okwera matola, mukaona kumbuyo kwa galimoto kwatsala pang'ono kukhudza pansi, mukukwereranji ndi mwana kumsana? Kuchedwa kumsika n'kumene kwakula?

Mayi uja tinamukweza m'minibasi yathu. Njira yonse anangoti zii, mkono uli pachifuwa, mwana wake akumupukuta simenti kumaso ndi nsonga ya chitenje. Mwini pikapu anafika panjinga yamoto ife tisananyamuke, ndipo funso lake loyamba linali lakuti matumba aphulika angati.

Manyazi mulibe, bambo inu.